Awiri pa Mmodzi: Mikangano Yathu ya ku Detroit

Tsiku la Pasaka, pa 3 Epulo 1988, Michael Jordan anabwera ndi timu yake ya Chicago Bulls kudzasewera ndi Detroit Pistons, ndipo iye yekha anathira mapointi 59. Masewerowo ankaonetsedwa pa wailesi yakanema m'dziko lonse la America, anthu atangoweruka kutchalitchi. Chicago inapambana 112 kwa 110. Chaka cham'mbuyo mwake mnyamata yemweyu anali atathira 61 pabwalo lomwelo la Pontiac Silverdome. Manyazi ake sanali a osewera okha ayi, mzinda wonse unawamva, ndipo mkangano umene unabadwa sabata imeneyo ine ndinakhala ndikuumvera mpaka imvi zinamera.

Ku Detroit ndinapitako kukaphunzira, kenako ntchito n'kundigwira mwendo. Basiketibolo sindinkaidziwa kwenikweni, poti ife tinakula ndi mpira wachikulunga, wamiyendo. Amene anandiphunzitsa ndi anthu a m'babashopu ina chakumadzulo kwa mzindawo, kumene ndinkakameta Loweruka. Munali mipando itatu yometera, benchi yaitali kukhoma, ndi kawailesi kakanema pamwamba pa kabati komwe kankafuna kukamenya pambali kuti chithunzi chikhazikike. Nyengo yozizira pakhomo pankachita thope la chipale chosungunuka ku nsapato zathu. Munthu unkatha kulowa 9 koloko m'mawa n'kutuluka dzuwa litapendeka, tsitsi litametedwa kalekale.

Mwini babashopuyo, amene pano ndiziwatchula kuti Ometa, anali bambo wachikulire wochokera ku Alabama. Anabwera ku Detroit ali mnyamata kudzagwira ntchito m'fakitale ya magalimoto, monga anachitira anthu akuda ambirimbiri ochokera kum'mwera kwa dzikolo, ndipo lumo analiyamba ngati ganyu ya madzulo. Chikhulupiriro chawo pa basiketibolo chinali chimodzi basi: aliyense ndi munthu wake. Wapatsidwa munthu woti ummake, mmake mpaka kumapeto, akakupambana uvomereze kuti wakupambana, osamaitana anzako. Mdani wawo pa nkhaniyi, amenenso anali bwenzi lawo lapamtima, anali dalaivala wa mabasi a mumzinda, munthu wamawu aakulu amene ankalowa atayamba kale kuyankhula asanatseke chitseko.

"Achimwene, mwaona zimene zachitika Lamulungu?" anatero a Dalaivala Loweruka lotsatira. "Mapointi 59! Ndiye muziti aliyense ndi munthu wake? Uja si munthu woti n'kumusiyira munthu mmodzi."

"Mukam'tumizira awiri, wina watsala yekha," anayankha Ometa, osachotsa maso pamutu umene ankameta.

"Atsale! Ndani? Amene watsalayo aponye tione."

Kuti mumvetse chifukwa chake nkhaniyi inkatentha chonchi, muyenera kudziwa lamulo limene linalipo mu ligi ya NBA masiku amenewo. Timu yotchinga sinkaloledwa kuimika munthu pamalo kuti azingolondera dera, monga amachitira masiku ano. Wosewera aliyense ankayenera kukhala pafupi ndi munthu amene akummaka, apo ayi athamange ndithu kukathandiza mnzake pa munthu amene ali ndi mpira. Kuima pakatikati, mwendo wina kuno wina uko, oyimbira ankaliza wezulo. Lamuloli linachotsedwa mu 2001. Choncho kutumiza awiri pa mmodzi kunali kutchova juga poyera: aliyense m'bwalomo ankaona kuti uyo wasiya munthu wake, ndipo ngati wosiyidwayo wathira chigoli, wolakwa ankadziwika pompopompo.

Mphunzitsi wa Pistons, a Chuck Daly, amene anaigwira timuyi kuyambira 1983, anatsata maganizo a a Dalaivala. Iwo ndi owathandiza awo anakonza ndondomeko imene pambuyo pake inatchuka ndi dzina loti Jordan Rules. Jordan akakhala ndi mpira pakati, chakutsogolo kwa basiketi, ankamukankhira kudzanja lamanzere, kumene wachiwiri anali akumudikira. Akakhala kumbali, wachiwiri ankabwera kuchokera pamwamba kuti asalowere pakati. Akapatsa basiketi msana n'kumafuna kulowa chafutambuyo, ankam'bweretsera chimunthu chachitali. Ndipo akawapyola onsewo n'kunyamuka kupita ku basiketi, lamulo linali loti asafike ali chiimire. Mbali ina imene anthu amaiiwala ndi yoti Detroit ikatenga mpira inkaupereka kwa munthu amene Jordan akummaka, kuti nayenso athamange, agundane ndi matupi a anthu, afike chigawo chomaliza miyendo italemera.

Ndondomekoyi inagwira ntchito. Mu 1988 Detroit inatulutsa Chicago m'ndime yochotsana, masewero 4 kwa 1. Mu 1989 inaitulutsanso, 4 kwa 2. Mu 1990 zinafika pa masewero achisanu ndi chiwiri, Detroit n'kupambana 93 kwa 74, tsiku limene Scottie Pippen wa Chicago anadwala mutu waching'alang'ala mpaka kumaona zinthu ziwiriziwiri. Zaka zitatu zimenezo a Dalaivala ankalowa m'babashopu ngati mfumu. Ometa sanagonje ngakhale tsiku limodzi. Iwo ankati si ndondomeko imene ikupambana, koma Joe Dumars, amene ankamaka Jordan, ndipo kuti enawo akungodyera pa thukuta lake.

Apa panali mayi wina, namwino, amene ankabweretsa anyamata ake awiri kudzameta akaweruka ntchito ya usiku. Ankakhala kumapeto kwa benchi, maso ali gwa ndi tulo, ndipo ambiri tinkayesa kuti sakumvera. Tsiku lina mkangano utafika pokalipirana, anangoti, "Abambo inu mumaonera manja. Taonerani mapazi a Dumars." Ndipo pa masewero otsatira ndinachitadi zomwezo, kusiya mpira n'kumayang'ana munthu mmodzi. Dumars sankalumphalumpha. Jordan akanamizira kuti akuponya, iye mapazi ali pansi. Akanamizira kumanja, iye ankangoseseleka pang'ono chammbali, mawondo opinda, chifuwa chili patsogolo pa Jordan, nkhope yosasintha ngati munthu amene akuwerenga nyuzipepala. Sankatukwana, sankakankha mwankhanza, moti Jordan mwiniwake anadzanena kuti Dumars ndiye ankamuvuta kwambiri. Mu 1989, Detroit itakwapula Los Angeles Lakers masewero anayi otsatizana n'kutenga chikho chake choyamba, Dumars ndiye anasankhidwa kukhala wosewera bwino koposa m'mafainolowo. Mpaka lero mphotho ya NBA ya wosewera waulemu pabwalo imatchedwa ndi dzina lake, chonsecho anali m'timu imene dziko lonse linkaitcha Bad Boys.

Dzina limenelo silinali lonamizira, tisabisane. Bill Laimbeer ndi Rick Mahorn ankagwetsa anthu moti ena a ife tinkatseka maso. Laimbeer ankadedwa m'mabwalo onse a m'dzikolo, ndipo zinkaoneka kuti zikum'sangalatsa. Mu 1987 Robert Parish wa Boston Celtics, munthu wofatsa, anatopa naye n'kum'bwanyula zibakera mpaka kugwa pansi, oyimbira osaliza n'komwe wezulo, ndipo kunja kwa dera lathu la Michigan anthu anaombera m'manja. Ine zina mwa zimenezo sindinkazikonda, ndipo sindizikonda mpaka pano. Koma ndimadandaula ndikamva achinyamata akufotokoza timu ija ngati gulu la zigawenga zimene zinkangomenya anthu. Zibakera zokha sizikupatsa kupambana masewero 63 pa 82 monga anachitira mu 1989. Wachiwiri uja akathamangira kwa Jordan, wachitatu ankayenera kutseka munthu wosiyidwayo, wachinayi n'kutseka wa wachitatu, zonsezo m'kuphethira kwa diso, akukuwirana mayina. Ndipo panali Dennis Rodman, asanayambe zopaka tsitsi utoto, mnyamata wowonda amene ankamaka aliyense, wamfupi ndi wamtali yemwe, n'kumadziponya pansi kulimbirana mpira umene anzake autaya kale mtima. Atam'patsa mphotho ya wotchinga bwino koposa mu 1990 analira misozi pamaso pa atolankhani. Ometa anati aka kanali koyamba kuona munthu akulirira ntchito imene ena amaithawa.

Rodmanyu ndiye anali pakati pa mkangano wina umene unagawa babashopu pawiri. Mu Febuluwale 1989 akuluakulu a timu, motsogozedwa ndi a Jack McCloskey, anapereka Adrian Dantley ku Dallas n'kutenga Mark Aguirre. Dantley anali katswiri wothira mapointi, wokondedwa, ndipo Aguirre anali mnzake wa Isiah Thomas, katswiri wa Pistons, kuyambira ubwana wawo ku Chicago. Ndiye mungaganize zimene zinkayankhulidwa: ena ankati Isiah ndiye akuyendetsa timu, a Daly angokhala chithunzi chovala masuti okwera mtengo. Ena ankati Dantley ankaugwiritsitsa mpira, anzake n'kumangoima, ndipo ankadya mphindi zimene Rodman akanasewera. Chikho chitabwera miyezi inayi pambuyo pake, a gulu loyamba aja anayamba kunena kuti iwo ankadziwa kale. Chaka chotsatira Aguirre yemweyo anavomera kukhala pa benchi kuti Rodman aziyamba masewero, ndipo Detroit inatenganso chikho itagonjetsa Portland, Vinnie Johnson ataponya chigoli chopambanira kutatsala sekondi yosakwana imodzi. Pa a Daly, chinthu chimodzi chokha ndi chimene Ometa sankatsutsa: tsitsi lawo. Ankati munthu amene amakuwa usiku wonse koma tsitsi osasokonekera ngakhale limodzi, ameneyo ali ndi wometa wodziwa ntchito.

Ine m'mikangano imeneyi ndinkakhala womvera. Tsiku lina anandikakamiza kuti ndinenepo, poti munthu sungamangodya nkhani za eni osaponyapo yako. Ndinawauza za kulondera chimanga kwathu: kuti anyamata awiri mukathamangira nyani wamkulu amene waonekera kumapeto kwa munda, anzake amalowa mbali imene mwaisiya, ndipo nyani wamkuluyo amadziwa zimenezo. Ometa anaseka mpaka kuika lumo pansi. Kuyambira tsiku limenelo anandiwerengera kumbali yawo, ngakhale ine sindinalembetse.

Chaka cha 1991 chinawapatsa Ometa chilungamo chimene ankachidikira. A Phil Jackson, amene anatenga timu ya Chicago mu 1989, pamodzi ndi wowathandiza wawo wachikulire a Tex Winter, anali ataphunzitsa timuyo kasewero koti mpira uziyenda m'manja mwa onse, osewera ataima motalikirana. Jordan anali atanyamula zitsulo n'kukhwima thupi, ndipo chachikulu, anali atayamba kukhulupirira anzake. Awiri akam'bwerera, iye ankangoupereka, ndipo wosiyidwa uja tsopano anali Pippen wokhwima, kapena Horace Grant, kapena John Paxson amene sankaphonya akakhala payekha. Chicago inapambana masewero onse anayi. Pa omaliza, kutatsala masekondi 7.9, Isiah, Laimbeer ndi ena anadutsa kutsogolo kwa benchi ya Chicago n'kutuluka m'bwalo osapereka moni. Dumars ndi John Salley ndiwo anatsala n'kugwirana chanza ndi opambanawo.

Loweruka limenelo m'babashopu simunali phokoso la masiku onse. A Dalaivala ankati Boston nayonso inatuluka chimodzimodzi mu 1988 ndipo palibe anaidzudzula. Mayi namwino uja anati ana ake anaonera, ndipo anavutika kuwafotokozera. Ometa anangoti, "Ndinkanena ine. Mwam'phunzitsa nokha kupatsira." Ndipo pamenepa ndikuona kuti ananena zoona. Zaka zitatu zom'panikiza zija ndi zimene zinam'sandutsa Jordan kukhala wosewera amene anadzatenga zikho zisanu ndi chimodzi. A Daly anachoka mu 1992, chaka chomwe anatsogolera timu ya America ku Olympics ya ku Barcelona, Jordan ali m'timumo, Isiah atasiyidwa kunyumba. Nkhani imeneyo yokha inatidyera miyezi.

Zaka zotsatira ndizidumpha. Kunabwera Grant Hill, mnyamata waluso ndi waulemu, timu n'kusintha mpaka mtundu wa yunifolomu, koma m'babashopu anthu ankakamba kwambiri za masewero ena, za Red Wings ndi za Barry Sanders. Ometa manja anayamba kunjenjemera, lumo n'kusiyira mwana wawo, iwo n'kumakhala pampando wa pafupi ndi zenera ngati woweruza milandu.

Moto unayakanso Dumars atakhala mkulu woyendetsa timu mu 2000. Hill atapita ku Orlando, Detroit inalandira munthu wina amene ambiri sitinkamudziwa, Ben Wallace. Pamene matimu ankasankha osewera ochokera m'makoleji mu 1996, palibe ngakhale imodzi imene inam'tenga. Kuponya sankatha, pamzere wa faulo ankaphonya yambiri kuposa imene ankathira. Koma mpira uliwonse wogunda chitsulo n'kubwerera unali wake, ndipo wolowa pansi pa basiketi ankayamba wayang'ana kuti Ben ali pati. Ometa atamva kuti kwawo ndi ku White Hall, ku Alabama, anam'tenga ngati mwana wa mlongo wawo. Chokhacho chimene ankadandaula ndi tsitsi: tsiku lina waliluka, tsiku lina walimasula lili yangayanga, ana a mumzinda monse n'kuyamba kukana kumeta. Ankati mnyamatayu akutchinga bwino koma akuwaphera bizinesi.

Dumars anasonkhanitsa anthu amene matimu ena anawataya. Chauncey Billups anali atayendayenda m'matimu angapo. Richard Hamilton anabwera posinthana ndi Jerry Stackhouse. Tayshaun Prince, wowonda ngati sadya, wamanja aatali, anasankhidwa pa nambala 23. Mu 2003 mphunzitsi, a Rick Carlisle, anachotsedwa ntchito atapambana masewero 50 zaka ziwiri zotsatizana, n'kubwera a Larry Brown, ndipo a Dalaivala anati kumeneko n'kusayamika. Chaka chomwecho timu inasankha Darko Milicic pa nambala 2, kusiya Carmelo Anthony, Chris Bosh ndi Dwyane Wade, kenako a Brown n'kumukhazika pa benchi chaka chonse. Imeneyo sinali nkhani yokangana, tonse tinkangopukusa mitu. Koma mu Febuluwale 2004 kutabwera Rasheed Wallace, khoma linatsekeka. Mwezi wa Malichi matimu asanu otsatizana analephera kufika mapointi 70. Yachisanu ndi chimodzi, New Jersey Nets, inachita kupanga faulo dala chakumapeto, masewero italuza kale, kuti ipezenso mpira ifike pa 71.

Anthu akunja ankati basiketibolo yotere ndi yonyansa, yogonetsa tulo. Masewero amene anatipititsa ku mafainolo, olimbana ndi Indiana, anatha 69 kwa 65, zigoli zimene masiku ano matimu amafika pofika pa hafu. Ife tinkaona kukoma. Pa masewero achiwiri a ndime yomweyo Reggie Miller anathamanga yekha ndi mpira kuti akafananitse zigoli, ndipo Prince, amene anali kutali kumbuyo, anam'thamangira n'kuuphaya mpirawo uli m'malere, iye n'kukagwera pakati pa anthu oonerera. Ku Detroit mukafunsa chigoli chokoma cha chaka chimenecho, ambiri adzakuuzani za chigoli chimene sichinalowe chimenechi.

Ndiye kunabwera Lakers ya Shaquille O'Neal, Kobe Bryant, Karl Malone ndi Gary Payton, mphunzitsi wake a Phil Jackson omwe aja. Pafupifupi aliyense kunja kwa Michigan ankati Detroit ikungopita kukaperekeza. Funso m'babashopu linali lakale lija, litangosintha dzina: Shaq, chimunthu cha mamita 2.16, cholemera makilogalamu oposa 140, tim'tumizire angati? A Dalaivala ankati awiri ndi ochepa. Ometa, ali pampando wawo wa pazenera, anati, "Mpatseni Ben. Adye zake Shaq, koma adye yekha."

A Brown anachita zomwezo. Nthawi zambiri Shaq ankasiyidwa ndi munthu mmodzi, enawo aliyense atakakamira wake, Prince atatambasula manja ake aja pamaso pa Kobe. Masewero oyamba, ku Los Angeles, Shaq anathira 34, Kobe 25, ndipo ena onse a Lakers kuphatikiza pamodzi anathira 16. Detroit inapambana 87 kwa 75. Pa masewero achinayi Shaq anathira 36 n'kutola mipira yobwerera 20, koma analuzabe. Pa achitatu Lakers yonse inathera pa 68. Malone anali ndi bondo lovulala, zimenezo n'zoona ndipo a ku Los Angeles amazikumbutsa nthawi zonse, koma bondo limodzi silingafotokoze zigoli zoterozo.

Masewero okhawo amene Detroit inaluza, achiwiri, ndi amene tinakangana kwambiri kuposa anayi amene inapambana. Kutatsala masekondi pafupifupi 11, Detroit inkatsogola ndi mapointi atatu. Lakers poyambitsa mpira inaupereka kwa Shaq, munthu amene pamzere wa faulo ankaphonya pafupifupi theka la mipira yake. Kungom'gwira dzanja pamenepo, akanapita kukaponya iwiri, ndipo ngakhale akanathira yonse, Detroit ikanatsalabe patsogolo, mpira uli m'manja mwake. Palibe anam'gwira. Mpira unadutsa kwa Luke Walton n'kufika kwa Kobe, amene anaponya cha mapointi atatu pamaso pa Hamilton kutatsala masekondi 2.1. M'nthawi yowonjezera Lakers inapambana 99 kwa 91.

"Mwana wa pulayimale akanadziwa!" anakuwa a Dalaivala. "Mum'gwire! N'chiyani chovuta pamenepo?"

"Kupanga faulo dala si kutchinga," anatero Ometa. "Ndi kuvomera kuti walephera."

"Bambo, chikho sachilemba kuti munatchinga mwaulemu."

Apa ine ndinali ndi a Dalaivala, ndipo ndili nawobe. Ulemu wa a Brown unatsala pang'ono kutidyetsa chikho. Mwayi wake timu ija inali ndi mitima youma, inabwerera kwawo n'kupambana atatu otsatizana. Pa 15 Juni 2004, ku Palace of Auburn Hills, zinatha 100 kwa 87, Billups n'kusankhidwa wosewera bwino koposa. Bwalo limenelo linali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera pakati pa mzinda, ndipo matikiti a mafainolo sanali a anthu ngati ife, choncho tinaonera m'babashopu momwemo, mwana wa Ometa atagula wailesi yakanema yatsopano. Malipenga a magalimoto analira mpaka mbandakucha.

Chaka chotsatira ndi chimene chimandiwawabe. Mafainolo a 2005, Detroit ndi San Antonio Spurs, matimu awiri otchinga bwino koposa, atapambana awiri aliyense. Masewero achisanu anafika m'nthawi yowonjezera, Detroit ikutsogola 95 kwa 93, kutatsala masekondi osakwana khumi. Woyambitsa mpira kuchokera kunja kwa mzere anali Robert Horry wa Spurs, ndipo wommaka anali Rasheed Wallace. Horry anaupereka kwa Manu Ginobili pakona. Rasheed, poona kuti Ginobili wapanikizika pakonapo, anasiya munthu wake n'kuthamangira komweko kuti akhale awiri. Ginobili sanachedwe, anangoubweza. Horry anali atalowa m'bwalo, ali yekhayekha kunja kwa mzere wa mapointi atatu, ndipo mpira uli m'malere tonse tinkadziwa kale. Zinatha 96 kwa 95. Detroit inakapambana masewero achisanu ndi chimodzi ku San Antonio, koma achisanu ndi chiwiri inaluza 81 kwa 74.

Chimene chimapweteka n'choti Rasheed sanali wosewera wopusa. Pa nzeru zotchinga, m'timu ija munalibe womuposa, ndipo ndiye ankakuwira anzake kuti uyu apite uku, uyu atseke uko. Anachita chimene thupi lake linazolowera: munthu akapanikizika pakona, m'tsekereni. Koma amene anam'siyayo anali Horry, mwini mphete zisanu za ukatswiri, ziwiri za ku Houston ndi zitatu za ku Lakers, munthu amene ntchito yake yodziwika inali yomweyi yoponya zigoli zomaliza, ndipo usiku umenewo anali atatentha kale moti anathera pa mapointi 21. Ngakhale a Dalaivala, mtumwi wa awiri pa mmodzi, sanapeze mawu omuikira kumbuyo. Anangoti, "Awiri inde, koma osati kusiya ameneyo." Ometa sananyade. Anati mlandu ndi wa mphunzitsi, chifukwa pa kampumulo asanayambitse mpira, mawu oyamba ndi omaliza anayenera kukhala oti wa Horry asasunthe. Ena ankati maganizo a a Brown anali atagawika, poti nyuzipepala zinali zikulemba kuti akukambirana za ntchito ina ku Cleveland. Mwezi wotsatira anachokadi, n'kupita ku New York Knicks.

Mukandifunsa lero kuti ndani ankanena zoona pakati pa akuluakulu awiri aja, ndinganene kuti a Dalaivala anapambana zaka zitatu, Ometa n'kupambana zina zonse. Mukandifunsa timu yotchinga bwino pa ziwirizi, ndisankha ya 2004, chifukwa inkatseka anthu popanda kuwagwetsa. Koma mphunzitsi wamkulu ndi a Daly. Kusunga Isiah, Laimbeer, Rodman ndi Aguirre m'chipinda chimodzi, aliyense ndi mutu wake, kwa zaka zonse zija, n'kuwagwirizanitsa kuti ayambe aganiza zotchinga asanaganize za mapointi awo, si ntchito yamasewera. A Brown anakhala zaka ziwiri zokha. A Daly anamwalira mu 2009. Ometa nawonso anatisiya ine nditabwerera kale kumudzi, ndipo uthenga unandipeza mochedwa. Palace ija anaigwetsa mu 2020, timu itasamukira pakati pa mzinda mu 2017.

Adzukulu anga amaonera NBA pa foni, tizidutswa ta zigoli tokhatokha, ndipo ndikawafunsa kuti amene waponyayo anam'siya ndani, amandiyang'ana ngati ndafunsa za kumwezi. Sindiwadzudzula, kasewero kanasintha, malamulo anasintha, ndipo luso la ana a masiku ano poponya kuchokera kutali ife sitinalionepo. Koma inu amene mumaphunzitsa ana basiketibolo m'masukulu ndi m'mabwalo athu, mukapeza mwana wamphamvu, wosatopa, koma woponya mokhota, musam'bweze kunyumba. Muuzeni za Ben Wallace. Pa moyo wake wonse mu NBA ankathira mapointi osakwana 6 pa masewero, koma anatenga mphotho ya wotchinga bwino koposa kanayi, mu 2002, 2003, 2005 ndi 2006, ndipo mu 2021 analowetsedwa mu Hall of Fame, mmene amalemekeza akatswiri a basiketibolo.